Gadiyani Amakhala Mmodzi

Nsanje yanga sinali ya atsikana a pabwalo la ndege, aja ovala mayunifomu othina m'chiuno. Amenewo sindinkawawerengera n'komwe. Ine nsanje ndinkachitira alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, mayi wamkulu woti tsitsi linayera kalekale, wovala magalasi a chingwe. Anthu ndikawauza amaseka, amati munthu sungachitire nsanje mlongo wa mwamuna wako. Asiyeni aseke, sanakwatiweko kubanja limene lija.

Tinkakhala ku Lirangwe, pamalo a kwathu, pamene bambo a ana anga anadzamanga nyumba atandikwatira. Ntchito yawo inali ku Chileka, yokweza ndi kutsitsa katundu m'ndege. Mashifiti ake anali ovuta, ndipo kuyenda tsiku ndi tsiku kukanawamaliza, choncho mkati mwa sabata ankagona kwa alamu, amene nyumba yawo ili pafupi ndi mpanda wa bwalolo. Kwathu ankafika Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba m'mawa. Ndiye taonani: ine mkazi wa ukwati wa kutchalitchi ndinkapatsidwa wikendi, alamu ankatenga sabata yonse.

Alamuwo ndi amene anawalera amuna anga mayi awo atamwalira. Anali aphunzitsi pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke pakamwa. Ngakhale moni ankapereka ngati akukukonza. Amuna anga, munthu wa imvi zake, akangomva kuti "achimwene" ankadzambatuka ngati mwana wa sitandade wani. Nkhani iliyonse inkayamba yafika kwa achemwali awo, kwa ine inkabwera itazizira. Atakwezedwa pantchito ndinamva kwa alamu. Atagula njinga yamoto ndinamva kwa alamu. Chimene ndinkafuna ine sichinali chachikulu ayi: pa zinthu za mwamuna wanga, woyamba kudziwa ndi woyamba kuitanidwa ndikhale ine.

Mkangano weniweni unayambira pa ndiwo. Ine ndili ndi dimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo mpiru wanga anthu amachita kuulimbirana pamsika. Bambo ankaukonda wotendera, ankapukuta mbale ndi chala. Chaka china, popanda chifukwa, anayamba kuukankhira pambali. Ndikaphika nkhwani ankangotapa kamodzi n'kutembenukira ku nyemba. Ndinayesa bonongwe, ndinayesa chisoso, ndinayesa kholowa. "Ndakhuta, mayi," ankatero, mbale ya masamba ili chidzadzire.

"Mwakhuta, kapena lilime lazolowera za ku Chileka?"

"Musayambe, mayi."

"Ndayamba kale. Ngati achemwali anu akuphika nyama tsiku ndi tsiku, auzeni azikupakirani ya wikendi yomwe, ine ndipumeko."

Anangoseka kaseko kawo kaja kotsekera nkhani, n'kutuluka kukapukuta njinga. Munthu ameneyu kukangana naye kunali kutaya mpweya.

Panalinso zina zimene ndinkaona. Akamadya nzimbe, zolavula zinkatuluka zofiira. Lamlungu lina anadzicheka ndi lezala pachibwano, kabala kosaoneka n'komwe, koma tinachedwa kutchalitchi chifukwa magazi sankaleka, mpaka anachita kusintha malaya. M'mikono munkatuluka mabala akuda a mkati, ngati wina wawatsina. Ndikafunsa, mlandu unkagwera masutikesi, ankati akugundidwa ndi katundu kuntchito. Ndinkakhulupirira, chifukwa zikwama za anthu ochokera ku Joni zimalemeradi.

Pa ubatizo wa mdzukulu wathu woyamba, alamu anabwera ku Lirangwe. Ndinaphika ndi mtima wonse kuti aone kuti nakonso kuno kuli manja. Nditaika mbale ya mpiru patsogolo pa bambo, n'kuwawonjezera dala, alamu anatambasula dzanja n'kuisuntha.

"Alamu, masambawa musamawakakamize."

M'nyumba mwanga, patebulo langa, pamaso pa asewere anga. Mutu unandiwira.

"Kodi mwamunayu ndi wanu kapena wanga?"

Anthu anasiya kutafuna. Alamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anayang'ana mlongo wawo. Bambo anaweramira m'mbale. Panali chinachake chimene awiriwo anapatsirana ndi maso, ndipo ndinachiona chikudutsa pamphuno panga. "Ndi wanu, alamu," anatero mofatsa, kufatsa kuja kopweteka kuposa kutukwana. Kuchokera tsiku limenelo ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa pamaliro.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo yotentha, pamene bambo anagwa. Ankamanga tcheni cha njinga kuseri kwa nyumba, ine ndikuchapa. Ndinamva sipanala ikugwa pansi, kenako kubuula kumene ndinali ndisanakumvepo pakamwa pawo. Ndinawapeza atagwada, dzanja lili kumsana. Thukuta linali chuchuchu koma thupi lozizira, milomo itatuwa. Anati chinachake chang'ambika mkati, ululu ukuchokera kumsana kutsikira m'chiuno.

Mnansi wathu wa pikapu ya tomato anatsitsa madengu n'kuyala matiresi kumbuyo. Achimwene anga, amene ndi ankhoswe a banja lathu, anakwera nafe. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anangowayeza n'kutiuza kuti tisataye nthawi, tithamangire kuchipatala chachikulu m'tauni. Tisanafike n'komwe pa Lunzu, achimwene anatulutsa foni.

"Mukuimbira ndani?"

"Kuchimuna."

"Tiyambe tafika kaye."

"Iwe, mkamwini akadwala chonchi eni ake amauzidwa nthawi yomweyo. Ukufuna adzati tinawabisira?"

Eni ake. Ine ndinali nditanyamula mutu wa munthuyo pamiyendo panga, ndikuwapukuta thukuta ndi chitenje changa, ndikuwatchinga kudzuwa ndi msana wanga, koma eni ake anali ku Chileka. Ndinanena mumtima kuti ngakhale abwere pandege, gadiyani ndine.

Amene anagonekapo wodwala kuchipatala chachikulu akudziwa. Wodwala amaloledwa womudikirira mmodzi, gadiyani. Ndi amene amalowa, ndi amene madokotala amamufunsa, ndi amene amauzidwa zonse. Ena onse amatsala kunja kwa chitseko, pamene pamakhala mlonda. Mlondayo atayamba kufunsa kuti gadiyani ndani, ndinayankha asanamalize funso. Achimwene anatsala panja, ine ndinalowa mutu uli m'mwamba.

Mkatimo zinthu zinayenda mwachangu. Anawaika dripi, anawatenga magazi okayeza, anawayendetsa kachipangizo pamimba akuyang'ana pa sikirini. Kenako kunabwera adokotala a opaleshoni, mayi wamtali wosataya mawu. Anandiuza kuti pali mtsempha waukulu umene umachoka kumtima n'kutsika pakati pa mimba. Wa bambowo unali utafufuma kwa nthawi yaitali, ngati chubu cha njinga chofooka mbali imodzi, ndipo m'mawa umenewo unang'ambika. Magazi ankatayikira mkati, chakumsana. Chimene chinkawasunga moyo chinali magazi ena amene anaundana n'kutseka pong'ambikapo mongoyembekezera.

Ndinaona dripi ikudontha mwaulesi, ndipo ndinauza nesi kuti aitsegule, munthu akufooka uyu. Adokotala anati ayi. "Tikathira madzi ambiri, magazi ayenda mwamphamvu n'kukankha pamene paundanapo. Madziwo amasukulutsanso magazi, sagwirana msanga. Tikufuna akhale chonchi mpaka titatsegula." Kenako anandiyang'ana m'maso. "Amayi, funso ili ndi lofunika kuposa onse. Bambowa amamwa mankhwala aliwonse? Makamaka aja oletsa magazi kuundana?"

Ndinayankha chifuwa chili patsogolo. "Ayi. Amuna anga samwa ngakhale kapiritsi ka mutu. Ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana, ndikanadziwa."

Maso a adokotala anali pamkono wa bambo, pamene nesi anabaya potenga magazi aja. Thonje linali litanyowa. Nesi analisintha, linalo linanyowanso, kamzere kofiira kakutsikira kuchigongono.

"Mukutsimikiza, amayi?"

"Ndine mkazi wawo."

Bambo anatsegula maso pang'ono, milomo ikugwedera. Ndinaika khutu pakamwa pawo, mtima uli m'malo kuti akuitana ine. Mawu anatuluka movutikira koma omveka. "Achemwali. Afunseni achemwali."

Sindinawongoke n'komwe pamene ndinamva liwu la uphunzitsi lija kuchitseko. Alamu anali atafika pa kabaza ndi minibasi, duku litapendekeka, akuuza mlonda ngati akuuza kalasi. "Sindikufuna kulowa ine. Ndikufuna adokotala amve. Wodwala wa ku Lirangwe uja amamwa wafarini." Adokotala anatembenuka ngati aitanidwa dzina. Anatuluka okha kukawatenga.

Alamu anatsegula chikwama n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki ka timapiritsi. Anayala nkhani yonse bwinobwino, osadodoma. Chaka chapitacho, atawayeza kuntchito, anapeza kuti mtima wa bambo ukugunda modumphadumpha. Mtima wotere umaundanitsa magazi, ndipo oundanawo akapita kumutu munthu amachita sitiroko, ndiye anawapatsa mankhwalawo kuti magazi azikhala osungunuka. Ankamwa madzulo aliwonse kwa alamuko. A wikendi ankabisa m'kabokosi ka masipanala pa njinga, ndipo a dzulo lake ayenera kuti anamwa. Mwezi ndi mwezi ankabwera m'tauni kudzayezetsa magazi, alamu akuwaperekeza. Mtsempha wofufumawo unaonekanso atawajambula m'mimba miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo anauzidwa kuti aziuyang'anira.

Kabokosi ka masipanala. Ine ndinkakapukuta fumbi Loweruka lililonse. Funso lililonse limene adokotala anafunsa kuchokera pamenepo linkapita kwa alamu, ndipo alamu ankaliyankha. Ine ndinangoima kumapazi kwa bedi ngati munthu wodzaona odwala.

Adokotala anatifotokozera tonse, koma maso awo anali kwa wodziwayo. "Opaleshoni iyi imataya magazi ambiri ngakhale kwa munthu amene magazi ake ali bwinobwino. Timatsegula mimba, kupana mtsemphawo kumtunda, n'kusokerera kapaipi m'malo mwa pofookapo. Ulusi umagwira mtsempha, koma timabowo ta singano timatsekedwa ndi magazi eni akewo akaundana. A bambowa mankhwala awachotsa mphamvu imeneyo, ndipo yochepa imene inatsala ikuthera kumene akutayikira kuja. Tiwabaya vitamini wobweza mankhwalawo, koma amagwira pang'onopang'ono. Tiwapatsanso pulazima, madzi achikasu a m'magazi amene amathandiza kuundana. Amasungidwa owumitsidwa mufiriji, akuwasungunula panopa. Tikapanda kutsegula, safika mawa. Tikatsegula, akhoza kutsalira patebulo. Sindikunamizani."

Ndinavomera kuti atsegule. Ndinavomera ndine, koma ndinaona kuti adokotala anadikira kaye mutu wa alamu kuti ugwedezeke.

Nesi anati anthu tachuluka, gadiyani atsale mmodzi. Alamu anatola chikwama chawo. "Tsalani ndinu, alamu, ine ndakwanitsa zanga." Kundipatsa mwamuna wanga ngati akundibwereka mpando. Koma adokotala anati, "Amayi akuluwa atsale kaye, a mankhwala ogonetsa ali ndi mafunso awo." Ndinatuluka. Mlonda yemwe uja ndinamudutsa mutu uli m'mwamba ananditsegulira chitseko, n'kundiuza kuti ndikakhale pabenchi.

Panja ndinapeza anzawo a bambo a kuntchito atayamba kufika, ena ali ndi majekete owala aja a pabwalo la ndege. Nesi wina anali atawauza kuti opaleshoniyo idya magazi ambiri, ndiye achibale ndi anzawo amene angathe akapereke kunyumba ina kuseri kwa chipatala. Nditangomva, mtima unadumpha. Alamu ndi okalamba, ali ndi shuga, ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, palibe amene angawalole kupereka. Ndinati apa ndiye ndawapeza. Asunge mapiritsi, adziwe mayina a mankhwala, koma magazi amene akayende m'thupi mwa mwamuna wanga akhala anga. Akadzadzuka adzadziwa amene anawadzutsa. Ndinasiya anyamata a kuntchito aja akukambirana, ndinayamba liwiro, mayi wa zidzukulu, chitenje m'manja.

Kumeneko anandibaya chala, anandiyeza sikelo, anandifunsa mafunso. Atafunsa ngati ndadya, ndinati ndadya, chonsecho m'kamwa munali musanalowe ngakhale tiyi. Ndinagona pakabedi, singano inalowa, thumba linayamba kudzaza. Ndinaliyang'ana monyadira, lofiira bwino, lokhuthala, magazi a munthu wodya masamba.

"Achimwene," ndinauza bambo amene ankanditenga magaziyo, "likangodzaza muthamange nalo ku fiyeta. Ndi la amuna anga, akuwachita opaleshoni."

Anandiyang'ana mwachifundo. "Sizimayenda choncho, mayi. Awa akayamba ayezedwa kaye, lero satuluka muno. Bambowo apatsidwa amene ali okonzeka kale. Anuwa adzalowa m'malo mwa amenewo."

"Ndiye angawa apita kwa ndani?"

"Kwa aliyense amene adzawafune. Mwina mayi wobereka, mwina mwana wa malungo."

Ndinafuna kuzula singano ija, koma thumba linali litatsala pang'ono kudzaza. Ndinangoyang'ana kudenga, misozi ya ukali ikutsikira m'makutu. Atamaliza ndinadzuka mwachangu kuti ndibwerere. Ndikukumbuka chitseko chikupendekeka, basi. Ndinatsitsimuka miyendo itakwezedwa pamapilo, wina akundipemerera ndi katoni, achimwene anga ataima pambali nkhope ili gwa. Anandimwetsa zotsekemera, ndipo anakana kundimasula mpaka maso atawongoka.

Nditabwerera, bedi la bambo linali lopanda munthu, nesi akuchotsa nsalu zake. Alamu ndinawapeza pabenchi ya kunja kwa fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni chija. Pamiyendo pawo panali jumbo, mkati mwake muli malaya a bambo, lamba, wotchi ndi mphete ya ukwati wathu. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Awatenga kalekale. Ndinatuma achimwene anu kuti akakuitaneni."

"Anapita nawo ndani mpaka pachitsekopo?"

"Ine."

Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, jumbo ndili nayo pachifuwa. Mphete imene ndinawaveka ine pamaso pa mpingo, anaivula ndi alamu. Kholido yonse ija, kuchokera kuwodi mpaka kuchitseko, dzanja limene anagwira linali la alamu. Ndinkafunitsitsa kudziwa ngati analankhula panjirapo, koma ndinati bola ndife nalo funsolo kusiyana ndi kupempha mawu a mwamuna wanga kwa munthu wina.

Tinadikira nthawi yaitali. Anthu ankadutsa ndi mabokosi ozizira, kulowa nawo mu fiyeta, kutuluka, kubweranso ndi ena. Nthawi ina bokosi linatsegulidwa pachitseko, ndinaona matumba, ena achikasu ena ofiira. Thumba lililonse ndinkaliyang'ana ngati mkazi mnzanga. Magazi a anthu osawadziwa, mwina a ana a sekondale, mwina a chidakwa cha ku Ndirande, onsewo ankalowa kwa mwamuna wanga, anga ali mufiriji kudikira mlendo.

Pomaliza ndinalephera kupirira. "Bwanji sanandiuze?"

Alamu anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ndinawauza kangapo kuti akuuzeni. Ankati mukadziwa simuzigona, muwasiyitsa ntchito, muuza mpingo wonse kuti uziwapempherera."

"Ndikanatero, inde. Nanga si ntchito yanga imeneyo? Kusagona chifukwa cha mwamuna wanga ndi kwanga, alamu. Inu munagona kapena simunagone, sizikundikhudza, koma mantha amenewo anali anga, munanditengera. Mwezi ndi mwezi mukukwera minibasi awiriwiri, mukukhala pamzere limodzi, mukudya chimanga chootcha pageti, ine ndili kudimba kuthirira ndiwo zoti munthu sadya."

"Masambawo," anatero alamu, "anauzidwa kuti asamasinthesinthe kadyedwe kake, lero ambiri mawa ayi, chifukwa muli vitamini amene amalimbana ndi mankhwalawo. Iwo mwa mantha anangosiyiratu. Ankaufuna mpiru wanu, alamu. Kwanga ankaudandaula."

"Vitamini wake uti?"

"Yemweyo awabaya uja."

Ndinaseka, kuseka koipa, mpaka mayi wina pabenchi ya kutsogolo anatembenuka. Chaka chathunthu ndikukanidwa mbale, ndikutukwanizana ndi anthu pa ubatizo, lero zomwezo akuwapatsa pajakisoni. Ndipo ngakhale kudandaula kuti akuufuna mpiru wanga ankakadandaulira ku Chileka. Alamu anatulutsa mabanzi m'chikwama n'kundipatsa limodzi. Ndinalikana, ngakhale njala inali itandipweteka.

Dzuwa litapendeka, chitseko chinatseguka ndipo adokotala aja anatuluka, chipewa chili m'manja, nsapato zawo zoyera zili ndi madontho. Ndinaimirira. Anandidutsa. Sanachite dala, sanandione n'komwe. Anapita kwa gadiyani amene anamusiya, amene anayankha mafunso, amene anaperekeza wodwala mpaka pachitseko. Ananjuta patsogolo pa alamu n'kuwagwira dzanja.

Ndinamva zonse ndili chiimire kumbali. Anati kapaipi anasokerera bwino, pong'ambika paja anatseka. Koma atamasula chopanira, magazi anayamba kuwukha paliponse, pa ulusi uliwonse, pamnofu uliwonse umene mpeni unadutsa, ngati thumba lonyowa. Panalibe malo amodzi oti n'kumanga. Thupi linazizira chifukwa cha kutaya magazi, ndipo magazi ozizira sagwirana. Anatsindira nsalu m'mimba, anapereka pulazima ndi magazi onse amene anali nawo, anadikira kuti mwina ayamba kuundana. Mtima unatopa zisanatheke.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, misozi ikutsika pansi pa magalasi. Kenako anakweza dzanja n'kuloza ine. "Adokotala, akazi awo ndi awa."

Adokotala anatembenuka, nkhope inagwa. Anapepesa, anabwera kwa ine, anayambanso kufotokoza kuchokera pachiyambi. Anali munthu wabwino, ndipo sindiwasungira kanthu. Koma ndinali nditamva kale. Umasiye wanga ndinaumva ngati munthu womvetsera nkhani za eni, kenako anandibwerezera.

Maliro anapita kwawo, chakuseri kwa bwalo la ndege, monga mwa mwambo. Eni ake anatenga munthu wawo. Ine ndinakhala m'nyumba ya siwa ndi amayi a kumpingo, ndege zikudutsa pamwamba, nyimbo zikuima kudikira kuti phokoso lithe. Anthu ankabwera kudzandipepesa, kenako n'kupita kukakhalitsa kwa alamu, chifukwa ndi amene ankatha kufotokoza za matendawo.

Funso lija linandidya masiku onse a maliro. Tsiku lometa, anthu atayamba kubalalika, ndinawapeza alamu okha kuseri kwa nyumba akutsuka makapu. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Kenako ndinameza kunyada kwanga.

"Alamu, panjira yopita ku fiyeta paja, analankhula?"

Anaika kapu pansi. "Ndimadikira kuti mufunse. Anafunsa kuti, mayi ali kuti? Ndinati apita kukapereka magazi. Ndiye anati, amenewo sanadye kanthu m'mawa, akomoka, pitani mukawaone. Anachita kundikankha dzanja kuti ndibwere kwa inu." Anatolanso kapu ija. "Sindinabwere, alamu. Ndinakana kuwasiya. Ndinatuma achimwene anu."

Nanenso ndikanakhala ine sindikanalisiya dzanja limenelo, ndipo n'chifukwa chake sindinawakhululukire.

Alamu sanama, zimenezo ndimawapatsa. Mawuwo ndi a amuna anga ndithu, ndi mmene ankalankhulira. Atagona pakabedi ka mateyala, mimba itadzaza magazi, ankadziwa zimene zili m'mimba mwanga, pamene ine chaka chonse sindinadziwe zimene zili m'mwawo. Anandifuna ine. Ndimabwereza zimenezi ndikamathirira kudimba, ndipo masiku ena zimandikwanira.

Koma sindinawamve ndekha. Ndayesa kuwaika mawuwo m'liwu lawo lija lokhuthala, lochedwa, ndayesa ndithu, sizitheka. Nthawi iliyonse ndikakumbukira kuti "mayi ali kuti," amene ndimamva akufunsa ndi alamu.